Kafukufuku amene anatsala pang'ono kutseketsa golosale ya azakhali

Nditamaliza maphunziro a zachuma ku Zomba ntchito sinapezeke, ndiye ndinabwerera kwathu ku Lisungwi kukathandiza azakhali pa golosale yawo. Munali mu Novembala 2023, mwezi umene kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Mitengo inkasintha katundu ali pa shelefu, ndipo azakhali ankadandaula kuti malonda azilala. Ndinkafunitsitsa kuwathandiza ndi zimene ndinaphunzira, popeza gawo lina la fizi yanga linachokera mu golosale yomweyo.

Akatswiri a zachuma akhala akulimbana kwa nthawi yaitali ndi funso la mmene angayezere kukhutira kwa wogula, kumene amakutcha utility. Mu 1789 Jeremy Bentham analemba kuti chisangalalo ndi ululu zingathe kuwerengedwa, ndipo mu 1881 Francis Edgeworth anafika poganizira makina oyezera chisangalalocho. Makinawo sanapangidwe. Chimene chinafala ndi njira ya Rensis Likert ya mu 1932, yomuuza munthu kuti asankhe nambala kuyambira 1 mpaka 5. Ine ndinatenga imeneyo. Ndinalemba mafunso, ndinakajambulitsa mapepala ku Zalewa, n'kukhala pa benchi pakhomo pa golosale.

Pafupifupi aliyense anasankha 5. "Mayi awa timakhala nawo bwino," ankatero, kwinaku akusuzumira mkati mmene azakhali ankamva zonse. Funso limene ndinalikhulupirira kwambiri linali la mafuta ophikira: mungakonde a m'botolo lomata a malita awiri, kapena oyezedwa m'timapepala? Amayi ankayankha msangamsanga kuti a m'botolo, chifukwa ndi aukhondo ndipo palibe amene wawathira madzi kapena kuwachepetsa. Pa sopo ankati wa ufa wa paketi yaikulu. Pa ufa wa nsima ankati thumba lathunthu, osati ka wokumani kongokwana mgonero umodzi.

Ndinaphatikiza manambalawo n'kuwaonetsa azakhali. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga, anthu ano sagula zimene amakonda. Amagula zimene ganyu walola tsiku limenelo."

"Azakhali, si ine ndanena. Anena okha, onani mapepalawa."

Analolera, ndipo ndikudziwa kuti anatero pofuna kundilemekeza. Anakatenga ngongole ku banki m'khonde, ine n'kukwera minibasi kupita ku Limbe kukapikula mabotolo a mafuta ndi mapaketi akuluakulu a sopo. Chigubu cha mafuta cha malita 20 chimene ankagula nthawi zonse ndinachisiya, poti ndalama sinakwane zonse ziwiri.

Januwale anafika ndi dzuwa m'malo mwa mvula. Aliyense wodziwa kumunsi kwa Neno akudziwa mmene kumatenthera chimanga chikayamba kupota masamba, anthu n'kuyamba kudalira makala ndi malambe. Pofika Malichi 2024 boma linali litalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala cha El Niño. Amayi omwe aja anasankha 5 ankabwera ndi ndalama yokwana kapepala kamodzi ka mafuta, n'kupeza mabotolo ali ndandanda. Sanadandaule. Ankapereka moni mwaulemu, n'kutsetserekera ku okala ina. Atazolowera kumeneko anayamba kugulanso komweko mchere, machesi ndi usipa. Titatsegula mabotolowo kuti tiziyeza m'timapepala, tinapeza kuti lita yake inatidulira kuposa ya m'chigubu, moti phindu panalibe. Chiwongola dzanja cha banki m'khonde nacho chinkakwera mwezi ndi mwezi, ndipo amene ankakaima pamaso pa amayi anzawo kupempha kuti awadikire anali azakhali, osati ine. Chimenecho chimandipwetekabe.

Palibe amene anandinamiza. Amayiwo amakondadi mafuta a m'botolo. Ine ndi amene ndinafunsa za kukonda osafunsa za m'thumba, ndipo ndinafunsira pakhomo pa munthu amene ambiri a iwo anali naye ngongole. Ndani anganene kuti sakukhutira ndi mayi amene mawa akamupempha mchere wapangongole? Paul Samuelson ananena mu 1938 kuti tiziyang'ana zimene munthu wagula, osati zimene wanena, ndipo ndikanatsatira zimenezo golosale sikanavulala. Koma naye sindimuvomereza kwathunthu. Mayi wogula ka wokumani tsiku ndi tsiku amalipira zambiri pa kilo kuposa wogula thumba, ndipo iye amadziwa. Kulemba kuti wasankha zimene zimamukhutiritsa n'kumulakwira. Amartya Sen, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1998, anachenjeza kuti munthu wozolowera kusowa amachepetsa zokhumba zake mpaka kumati ali bwino. Ndikamva lipoti lililonse likunena kuti anthu akumudzi akhutira ndi thandizo kapena ndi msika, tsopano ndimafuna kudziwa amene anafunsa, anafunsira pati, ndipo woyankhayo ankaopa kutaya chiyani.

Zimene ndinkafunazo zinali m'kope la ngongole limene azakhali amasunga pansi pa kauntala. Mmenemo muli amene amatenga mafuta Lachisanu n'kubweza akagulitsa makala, amene amasiya shuga mwezi wa fizi, ndi amene amayamba kugula sopo wabwino ndalama za Mtukula Pakhomo zikatuluka. Sindinalitsegulepo kufikira pamene anandipatsa okha kuti ndiwerengere zimene tingatolere kuti tibweze ku banki m'khonde.

Ngongoleyo tinaimaliza nditapeza ganyu wophunzitsa masamu ana a fomu 4 madzulo. Chigubu chinabwerera pamalo pake. Makasitomala ena anabwerera, ena mpaka lero amagula ku okala ija.