Agogo Fortran Achedwetsa Ulendo

Mu Novembala 2020 kampani ya Apple idatulutsa makompyuta a purosesa ya M1, aliwiro la mtima bii. Asayansi adakhamukira kukagula. Koma poti amangiremo R ndi SciPy, mapulogalamu osanthulira deta, zidakanika. Paja kunsi kwa zonsezi kwagona Fortran, chinenero cha makompyuta chomwe kampani ya IBM idatulutsa mu 1957, ndipo gfortran, yomwe imachimasulira, inali isanaidziwe purosesa yachilendoyi. Basi, zidzukulu zonse zidaima pakhomo la nyumba yatsopano, kudikira agogo apeze ndodo yawo!

Osapirira adathawira kwa Rosetta 2, yomwe ntchito yake ndi kunamiza pulogalamu kuti ikadali pa purosesa yakale ya Intel. R yakeyake ya M1 idatulukira mu Meyi 2021, itatsamira gfortran yongoyesera.