Plexus ndi Kazembe Wake, Dzanzi

Plexus ndi mawu a Chilatini otanthauza chinthu cholukidwa, monga mkeka kapena tsitsi la mkwatibwi. Madokotala amatchula motero malo amene mitsempha yonyamula mauthenga a ubongo imakumana, kupotana, kenako kugawikananso. Mumsana mumatuluka mitsempha 31 mbali iliyonse, ndipo yambiri siyenda yokha isanakhale kaye pabwalo ndi inzake. Bwalo lochokera m'khosi kutsikira kukhwapa limatchedwa brachial plexus. Lili ndi mizu isanu ndipo limalamulira mkono mpaka kunsonga za zala. La m'chiuno, sacral plexus, limatulutsa mtsempha wa sciatic, waukulu kuposa yonse, wodutsa m'thako kupita kumwendo.

Ophunzira udokotala pa University of Cape Town amachezera usiku kuloweza mayinawa. Mmalawi wa ku Dunoon kapena ku Masiphumelele, mumzinda wa Cape Town momwemo, amaphunzira ulere, chifukwa plexus ili ndi kazembe wake wosadziwa tchuthi, dzina lake dzanzi.

Mtsempha ukapanikizika, magazi safikako mokwanira ndipo mauthenga amaduka. Ukamasuka, umayamba kubwebweta, ndiye munthu amamva ngati linthumbu lamulowa m'nsapato. Kalasi yapamwamba ya phunziroli ndi mpando wakumbuyo wa takisi ya Quantum, pamene anthu anayi amakhalira thako limodzi aliyense, chikwama cha mnzawo chili pantchafu. Pofika pamwamba pa siteshoni ya sitima m'tauni, bambo wa tayi amatsika mwaulemu wake wonse n'kupeza kuti mwendo si wake. Akaponda, mwendo ukana. Akaumenya, umuseka. Kenako amavina kagule kopanda ng'oma, kondakitala akumuuza kuti asatseke khomo. Ngakhale akatswiri a malipenga a ku Nkhata Bay sanafikepo pa sitepe imeneyi. Mumzinda womwewu, pa chipatala cha Groote Schuur, Christiaan Barnard anaika mtima wa munthu m'chifuwa cha wina mu 1967, koma mpando wakumbuyo uja udakali wosagonja.

Ubwino wina wa dzanzi n'kusakondera. Silifunsa pasipoti. Limagwira woima pamzere wa mapepala kuyambira tambala woyamba, limagwiranso bwana wakuseri kwa zenera amene wakhalira mpando wofewa tsiku lonse. Kusiyana kwake n'kwakuti la bwanayo likuoneka kuti linakwera mpaka kudzanja lodindira chidindo, ndipo likuvuta kuchira. Makina akangofa, onse amabwerera kwawo akutsimphina, mawa adzayambirenso.

Anansi ena salipatsa ulemu dzanzi. Munthu wagona m'kachipinda ka anthu anayi, mutu uli pamkono usiku wonse, brachial plexus ikulira pansi pake. M'mawa mkono uli lende ngati wa eni, iye n'kuyamba kuimbira foni kumudzi kuti azakhali akwera lichero, adutsa pachipata cha Beitbridge osadinditsa, adzamukhalira paphewa. Ndalama ya lendi imathera kwa asing'anga, pomwe chofunika chinali pilo.

Dzanzi wamba limatha m'mphindi zochepa munthu akasintha kakhalidwe kapena kagonedwe. Losatha, makamaka la kumapazi onse awiri, lingachokere ku matenda a shuga, mowa wambiri kapena kuchepa kwa vitamini B12. Lobwera mwadzidzidzi mbali imodzi ya thupi, pakamwa n'kupotoka, ndi chizindikiro cha sitiroko, ndipo wodwalayo ayenera kufika kuchipatala nthawi yomweyo.