Walira Nyali Walira Switchi

Amene anayamba kunena kuti walira mvula walira matope sanaionepo njinga yamoto, koma akanadzuka lero n'kuima pa siteji ya kabaza chakumadzulo, sakanasintha liwu ndi limodzi lomwe. Akanangoloza tinyali tiwiri tija anyamata akumangirira kutsogolo kwa Boxer kapena TVS, n'kufunsa kuti: kuyaka takuona, nanga chozimitsira chili pati?

Nyali yowonjezera ndiyo mvulayo. Aliyense amaifuna, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Nyali imene njinga zing'onozing'ono zimabwera nayo imakuonetsa dzenje tayala litalowamo kale. Usiku pa M1 pali mbuzi, pali ngolo yopanda chowala chilichonse, pali wanjinga yakapalasa amene wasanja matumba atatu a makala, komanso bambo wochokera kumowa amene akukhulupirira kuti mzere woyera wapakati anajambulira iyeyo. Choncho munthu amasunga tindalama n'kukagula nyali za LED zoyera mbee. Mpaka apa palibe mlandu. Matope amayamba pamene wogulitsa wafunsa kuti, "Switchi muli nayo, achimwene?" ndipo wogula wayankha kuti, "Ingondipatsani iliyonse yotchipa."

Iliyonse! Nyali waisankha theka la tsiku, kuiyatsa, kuizimitsa, kumuunika nayo mnzake m'maso kuti aone ngati ikuthobwa. Switchi waisankha phazi limodzi lili kale panja.

Pepani, tiwerengeko pang'ono. Magetsi a njinga zamasiku ano ndi a mavoti 12. Mukagawa mawati a nyali ndi 12 mupeza ma amp amene adutse m'waya. Nyali ziwiri za halogen za mawati 55 iliyonse zimakoka ma amp opitirira 9, pamene ziwiri za LED za mawati 10 iliyonse sizifika ngakhale pa 2. Switchi yabwino imalembedwa pathupi kapena papaketi kuti imapirira ma amp angati. Imene sinalembedwe kanthu yasankha kukhala chete, ndipo ili ndi chifukwa chake. Mukaisenzetsa ma amp 9 imatentha, pulasitiki yake imafewa, ndipo woyamba kudziwa amakhala pasinjala wakumbuyo: "Abwana, kodi alipo akuotcha zinyalala kuno?"

Mankhwala ake ndi kabokosi kakuda kamiyendo inayi kamene amakaniko amati relay. Pamiyendo pake palembedwa 30, 85, 86 ndi 87, manambala amene anakhazikitsa ndi a ku Germany ndipo dziko lonse linangotengera. Mwendo wa 30 umalandira moto kuchokera ku batire, wa 87 umaupereka ku nyali, ndipo 85 ndi 86 ndi ya kakoyilo kam'kati: umodzi umapita ku chitsulo cha njinga, winawo ku switchi yanu. Mukadina, kakoyiloko kamakoka kachitsulo, n'kumveka kuti ke, moto waukulu n'kudutsa m'njira yakeyake. Switchi imasanduka kapitawo wa pa esiteti, kungoloza ndi chala, katundu akunyamula ndi wina. Tinyali ta LED tating'ono tingayake popanda relay ngati switchi ndi yolimba, koma fyuzi yokha siyokambirana. Ikhale pafupi ndi batire, pa waya wamoto, moto usanafike pena paliponse pamene waya angakhudze chitsulo. Ikapsa, ikukuuzani kuti pena pali shoti. Amene amaikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu watseka pakamwa mboni, mlandu ukadalipo, ndipo thanki ya petulo ili pomwepo.

Funso lina limene anthu amalidumpha ndi lakuti switchi itenge moto kuti. Njira yachidule ndiyo kulumikiza ku batire mwachindunji. Njira imeneyi imagwira bwino ntchito mpaka tsiku limene mwafika kunyumba kukadali kowala, mwazimitsa injini, mwachotsa kiyi, nyali n'kutsala zikuunika khoma la bafa. Batire ya njinga yaing'ono, ya ma amp-hour 5 kapena pamenepo, tinyali ta mawati 20 timaimwa m'maola atatu okha. Ndipo ngakhale inu musaiwale, pabwalo pali ana. Sindinaonepo mwana wa zaka zinayi amene anadutsa pafupi ndi batani osalidina. M'mawa ndi inu pa kiki, thukuta kamukamu, pasinjala woyamba akukwera ya mnzanu. Tengani moto wa switchi pa waya umene umakhala ndi moto pokhapokha kiyi atatsegulidwa, kuti kiyi akatuluka zonse zigone.

Tsopano pomangirira, pamene ine ndimaona kuti m'pamene pagona nkhani. Dzanja lamanja la woyendetsa lili ndi ntchito ziwiri kale, kukoka moto ndi buleki yakutsogolo. Musaliwonjezere yachitatu. Switchi ndi ya chala chachikulu chakumanzere, ndipo chiifike dzanja lisanachoke pa handulo, maso asanachoke pamsewu. Koma yendani muone kumene anthu amaiika: pansi pa mpando, m'mbali mwa thanki, kuseri kwa wotchi ya liwiro kumene muyenera kuwerama ngati mwataya ndalama. Lole ikubwera kutsogolo, dalaivala wake akukuphethirirani kuti muchepetse, inu dzanja limodzi likufufuza pakati pa miyendo. Kumeneko sikuyendetsa, ndi kulemba kalata yotsanzika.

Mahandulo a njinga zambiri ndi a mamilimita 22, pamene a njinga zikuluzikulu ngati Harley-Davidson ndi a 25.4. Gulani switchi yokhala ndi chomangira cha saizi yanu, osati yoti muikhwimitse ndi mphira wa chubu, ndipo handulo musaiboole, mukuifooketsa. Mukamanga, finyani kilatchi mpaka kumapeto muone ngati siikugunda. Pindani handulo kumanzere konse, kenako kumanja konse, muone ngati waya sakukokeka kapena kupanidwa ndi thanki. Musaiyandikizenso kwambiri ndi hutala. Pa rodibuloko usiku, kufuna kuzimitsa nyali n'kuwaimbira apolisi hutala, kucheza kwake kumatalika.

Pali chinthu chimodzi chimene wopeka mwambi uja sanachione. Iye ankaganiza kuti wolira mvula ndi yemwe amaponda matope. Pa nkhani ya nyali, mvula imagwera mwini njinga, matope n'kugwera wobwera kutsogolo, amene amathobwa maso n'kumayenda mwa chikhulupiriro mpaka mutapitirira. N'chifukwa chake akatswiri amatenga moto wa switchi pa waya wa nyali yayikulu yakutali, kuti mukangotsitsa nyali ndi chala, zowonjezera nazo zizime nthawi yomweyo. Switchi imatsala ndi mphamvu yokana basi: ikazimitsidwa, zowonjezera siziyaka ngakhale nyali yakutali ili phwii. Chenjerani pang'ono, chifukwa pa njinga zina zing'onozing'ono nyali yayikulu imadya moto wa AC kuchokera ku injini. Mudzaidziwa poti imayaka injini ikalira basi, ndipo imawala kwambiri mukakoka moto. Pa waya wotero relay imangonjenjemera n'kumalira ngati njuchi yatsekeredwa, ndiye pamafunika makaniko wodziwa magetsi, osati msuweni wanu amene anakonzapo wailesi.

Ndiye pali mvula yeniyeni, ija yoyamba cha mu Novembala n'kukafika Epulo, osanena chiperoni cha ku Thyolo ndi Mulanje chimene sichigwa koma chimangolowa. Switchi ya panjinga imakhala panja moyo wake wonse. Yang'anani zilembo za IP papaketi. IP67 ikutanthauza kuti fumbi sililowa ndipo ingamire m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. IP65 imapirira madzi opopera. Switchi ya pakhoma la nyumba, ija ena amaimangirira pa handulo n'kuiveka jumbo ya shuga, nambala yake ndi pemphero. Madzi nawo ndi ochenjera, sagogoda kutsogolo, amatsetsereka ndi waya n'kulowera kumbuyo. Waya azitulukira pansi pa switchi, atsike kaye pang'ono asanakwere, kuti dontho ligwere pansi.

Madzi amatope akalowa m'switchi yolumikizidwa ku batire mwachindunji, nyali za LED, zimene zimakhutira ndi moto wochepa, zimatha kuyamba kuthwanima zokha pakati pa usiku, njinga ili pakhonde, mwini wake akuliza mkonono. Kukacha mudzi wonse wadziwa kale kuti njinga ya uje imayenda yokha usiku, ndipo azakhali ena akukumbuka kuti ndalama zogulira njingayo sanazimvetse chiyambire. Makaniko angatsegule switchiyo pamaso pa anthu, kukhuthula madziwo, kuonetsa dzimbiri lobiriwira pa timiyendo ta mkuwa. Anthu adzagwedeza mitu mwaulemu, kenako adzafunsana kuti nanga madziwo anawathiramo ndani.