Mario woyenda yekha

Chitulukireni chipangizo cha masewera cha Nintendo Switch mu 2017, kandodo kake kowongolera ndi chala chachikulu kakhala kakuchita zodabwitsa. Mwiniwake wapinda manja, koma Mario, kamunthu ka m'masewerawo, akungoyenda yekha mpaka kugwera m'phompho. Si ufiti ayi, ndi fumbi komanso kutha kwa tizitsulo ta m'kati. Mu 2020 mkulu wa kampani ya Nintendo, Shuntaro Furukawa, anachita kupepesa.

Tayesani kusintha kandodoko nokha. Masikulu akunja a chogwirira chake ndi a mano atatu, sikuludiraiva ya m'nyumba imangoterereka. Mukatsegula mupeza timawaya topyapyala ngati khoko la anyezi, tongodikira chala chonjenjemera. Mukamaliza kumanga, patebulo pamatsala kasikulu kamodzi, ndipo aliyense amalumbira kuti akufakitale anaika kowonjezera.