Ndinalipira Ndekha Kuti Ndilowe Mumgodi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Tsangano, inuyo, alamu ndi ana. Amayi muwauze kuti mafuta opaka miyendo aja ndapatsira mnyamata wa basi, mukadikire pa Tsangano Turn-off Lachinayi.

Kuno tili moyo. Mawu akuti moyowa ndawasankha dala, chifukwa Loweruka lapitali munangotsala pang'ono kulandira uthenga wa maliro.

Gwero lake ndi ana anuwa. Sukulu atatsekera, Tadala anayamba kulira kuti anzake onse apita ku holide. Abwana anganso ananyamula banja lonse kupita ku Sun City, malo amene anatsegulidwa mu 1979 kufupi ndi Rustenburg, komwe anakumba nyanja yabodza yokhala ndi mafunde oyendera makina. Ine ndinauza ana kuti holide ya munthu wa kwathu mu Disembala ndi khasu, tipite tikapalire chimanga cha agogo. Koma nditawerengera ya basi ya anthu anayi, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda mpaka pa mlatho wa Tete, kuonjezerapo shuga ndi zitenje za mudzi wonse, thumba linakana. Mayi a Tadala ndiye anagamula mlandu: tipite ku Gold Reef City, pompano pa Joni.

Achimwene, khalani pansi. Malowatu ndi mgodi. Anawamanga pa chitsime nambala 14 cha Crown Mines, mgodi wa golide umene unatsekedwa m'zaka za m'ma 1970. Golide amene anapezeka kuno mu 1886 ndi amene anabala mzinda wonsewu, ndipo atatha pamalopo eni ake anaona kuti dzenje lisangokhala. Anaikapo zisitima zoseweretsa, gudumu lalikulu lokweza anthu m'mwamba, hotela, ndi nyumba zonga za makedzana.

Mukukumbukira malemu agogo aamuna mmene ankasimbira za Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya m'migodi? Anadutsa malire usiku kukalembetsa mbali ya ku Malawi, nakatha zaka pansi pa nthaka, nabwerako ndi jasi, bokosi lachitsulo ndi chifuwa chosatha chija. Iwo ankalandira ndalama kuti alowe pansi. Mdzukulu wawo, ine ndemwe, ndinaima pamzere nditafumbata marandi anga, kupempha kuti andilowetse. Anativeka zipewa zolimba, kutipatsa nyali, n'kutikweza chikepe. Chitayamba kutsika ndinamva m'mimba mukusamuka. Pansipo ndi pozizira, makoma akudontha madzi, ndipo wotiperekeza anationetsa mmene ankabowolera mwala. Tadala anandifunsa kuti, “Adadi, agogo anu nawonso ankabwera ku holide kuno?” Ndinangoti eya mwanangu, ya miyezi yambirimbiri. Titatuluka tinakaonera akuthira golide wosungunuka mu chikombole. Ndinayang'anitsitsa ngati pangagwe kadontho, poti mbali ina ndi chuma cha banja lathu.

Zikanathera pamenepo bwenzi ndikulemba kalata yaulemu. Koma kamnyamata kanu Chikondi kanaloza chinthu chotchedwa Anaconda. Ndi kasitima kopachikidwa kunsi kwa njanji, munthu umakhala miyendo ili lendelende ngati nkhuku yopita kumsika pa njinga. Amayamba ayeza msinkhu, wamfupi amabwezedwa. Ndinayesa kupinda mawondo, sizinathandize. Ndinadzilimbitsa mtima kuti munthu amene anakwerapo pamwamba pa mabelo a fodya pa lole ya ku Furancungo nthawi ya dzinja sangaope choseweretsa ana. Ndinaiwala kuti lole ya ku Furancungo, ngakhale ikugwedeze chotani, siitembenuza munthu chadodolido. Ichi chinandizondotsa, kumwamba kukhala pansi, pansi kukhala kumwamba. Ndinaitana amayi, ndinaitana Mariya Woyera m'Chipwitikizi cha ku katekisimu, kenaka ndinayamba kuulula machimo mokweza. Za mbuzi yanu ija inasowa chaka chimene ndinkabwera kuno, ngati mphepo yakufikitsirani mawu ena, tidzakambirana.

Nditatsika, miyendo inali ngati ndamwa kachasu wa mutu. Chikondi akuseka, akuti tibwerezenso. Alamu anu anandiloza china chotchedwa Tower of Terror, chimene chimakweza anthu pansanja n'kuwaponya mamita pafupifupi 50, mapeto ake kulowa m'dzenje la mgodi. Ndinati ayi, m'banja mwathu mgodi talowamo kokwanira. Ndinadzipereka kukhala mlonda wa zikwama, ntchito imene ndimaidziwa bwino.

Pa benchi pamenepo ndinadya tchipisi. Apa ndiye ndinakusowani. Timbatatesi towonda ngati ndodo za machesi, topanda fungo la dothi. Inu amene mumakumba kachewere wonenepa ngati chibakera n'kumakanganirana mtengo ndi ogula a ku Ntcheu, mukanaona kambale kameneka mukanasiya kugulitsa pa thumba, mukanayamba kuwerenga imodziimodzi. Ndinaganizanso kuti zonsezi ife tinali nazo kale. Mukukumbukira tikutsetsereka pa thunthu la nthochi kuphiri kuja, mpaka kabudula kubooka? Nanga tsiku lija ng'ombe zinathawa ndi ngolo tili momwemo? Panalibe tikiti, panalibe lamba, malipiro ake inali ndodo ya abambo madzulo. Mukapeza wina wa ndalama, mumangireni mpanda kuzungulira phiri lija, azungu azibwera.

Pali nkhani imodzi yofunika kuisamala. Pa Anaconda paja pali kamera yobisika imene imajambula munthu pa nthawi yake yoipitsitsa. Mayi a Tadala anagula chithunzicho, ndipo ndamva kuti atumiza kale pa WhatsApp kwa achemwali ku Furancungo. Chikakufikani, dziwani kuti pakamwa ndinatsegula chifukwa ndinkalangiza Chikondi kuti agwiritsitse. Madzi ali m'masayawo ndi mphepo. Amayi musawaonetse, mtima wawo mukuudziwa.

Ndalama ya feteleza wachiwiri ndituma pa Mukuru mwezi ukatha. Yachepako pang'ono, chifukwa chake mwachimva. Mukapeza wobwera kuno mundipatsireko ufa woyera ndi nyemba.

Ndine mng'ono wanu,
Bambo a Tadala