Galimoto ikamayenda ngati nkhanu: malangizo kwa abwana oyabwidwa ndi ndalama

Poyamba tikuyamikireni pogula galimoto yaitali. Tinakuonani tsiku lomwe inafika kuchokera ku Dar es Salaam, chigongono chili pawindo, moni mukupereka ndi hutala. Tsopano tamva kuti yayamba makhalidwe. Mukaponda moto ikuthawira kumanzere, mukachotsa phazi ikubwerera yokha. Mukamakhota pang'onopang'ono pageti la tchalitchi ikuuma, n'kumadumphadumpha, matayala akulira ngati kamwana ka galu, mpingo wonse ukuonerera. Musadandaule. Pali njira zambiri zosandutsira kavuto aka kukhala ngongole ya zaka ziwiri, ndipo tikuthandizani.

Chachikulu n'chakuti musayang'ane kandodo kakafupi kaja kali pambali pa giya, kolembedwa 2H, 4H ndi 4L. Munakakankhira pa 4H m'matope a February popita kumaliro kumudzi, ndipo kagona pomwepo mpaka lero. Kasiyeni, katopa.

Anthu ansanje akuuzani kuti pagalimoto ngati Hilux kapena Suzuki Jimny, 4H imamanga matayala akutsogolo ndi akumbuyo pagoli limodzi kuti zitsulo zowazungulitsa ziziyenda liwiro lofanana. Tsono pokhota, akutsogolo amazungulira njira yaitali kuposa akumbuyo, monga ng'ombe yakunja pangolo imatambalitsa miyendo pomwe inzake ikungopondaponda pamodzimodzi. M'fumbi ndi m'matope mlanduwu umatha msanga, chifukwa tayala limodzi limaterereka pang'ono n'kugonja. Pa phula palibe wogonja. Mkangano wonse umalowa m'zitsulo: propshaft imapotokola, tcheni cha mu transfer case chimakokeka, matayala n'kumakhula msewu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma kwa inu zatembenuka, phula ndilo likudya matayala anu. A Prado ndi a Pajero musaseke. Zanu zili ndi difu yapakati yoweruza milandu yotereyi, koma mukaikhoma ndi batani lake, kapena kusiya Pajero pa 4HLc, mwamangirira woweruzayo kumtengo.

Mankhwala ake akuti n'kubwezera kandodoko pa 2H, ndipo kakamakana, kubwerera m'mbuyo mowongoka mamita ochepa kuti zitsulo zimasuke. N'zaulere. Munthu wa msinkhu wanu sangalandire chithandizo chaulere.

Tibwere kumatayala, komwe luso lanu limaonekera bwino. Galimoto ili ndi miyendo inayi, ndiye n'chifukwa chiyani yonse ivale nsapato zofanana ngati ana a sukulu? Gulani limodzilimodzi, la kaunjika, lililonse kwa mwini wake. Manambala a m'mbali mwa tayala ndi zokongoletsa chabe. Inde, 265/70R16 ndi 245/70R16 onse amalowa pa rimu ya 16, ndipo wogulitsa alumbira kuti ndi amapasa. Kungoti loyambalo likazungulira kamodzi limayenda masentimita pafupifupi 244, linzakelo 235. Masentimita 9 ndi chiyani pakati pa abale? Pa kilomita imodzi amakwana mamita oposa 30, ndipo kusiyana kumeneko kumayenera kumezedwa ndi china chake: difu, kapena timakalachi ta pakati pa galimoto zija zimadzigawira zokha mphamvu ku matayala onse anayi. Timatentha, timapsa, ndipo mtengo wake ndi wa msinkhu wanu ndithu.

Wina akabwera ndi choko, mumuthamangitse. Akufuna kulemba kamzere pansi pa tayala lililonse, kuyendetsa galimoto mowongoka mpaka tayala limodzi litazungulira ka 10, kenaka n'kuona ngati timizere tinato tafikanso pansi. Choko cha mphunzitsi wa Sitandade 2 chisachititse manyazi galimoto ya ku Japan. Chimodzimodzi kapepala komatidwa pafelemu ya chitseko cha dalaivala, konena mpweya woyenera. Inu muli ndi nsapato, menyani tayala theche, mumve.

Za kukokera kumbali, thamangirani ku alayimenti. Ikapanda kusintha pitaninso, kwina. Kachitatu mudzakhala mutadziwana ndi anyamata a kumeneko mpaka kuitanidwa ku ukwati. Chomwe simuyenera kuchita n'kudekha n'kumvetsera kuti galimotoyo imakoka liti, pakuti yankho labisala pamenepo. Yokoka nthawi zonse, moto muponde musaponde, imaloza alayimenti, mpweya, tayala lopendekeka mkati, kapena buleki yogwira. Ya bulekiyo imadziulula yokha, rimu yake imatentha kuposa zinzake mukayenda pang'ono. Ngati mwasinthanitsa matayala awiri akutsogolo ndipo kukokako kwasamukira mbali ina, wolakwa ndi tayala. Koma yokoka pokhapokha mwaponda moto, n'kubwerera mukachotsa phazi, alayimenti siimva, chifukwa makina ake amayeza galimoto itaima phee. Nthawi zambiri amakhala mabushi, timphira togwira mikono ya matayala, tomwe maenje a mu M1 anatafuna kalekale. Mphamvu ikafika, mkono umasuntha, tayala n'kuloza kwina, galimoto n'kutsatira. Mabushi akumbuyo akatha zimakoma kwambiri: mumamva matako a galimoto akuwongolera okha, inu chiwongolero mutachigwira bwinobwino. Makaniko amazipeza ndi jeke ndi chitsulo chotemulira m'mphindi zochepa. Musamulole, angadetse.

Kumbukiraninso kuti misewu yathu imapendekera kumanzere kuti madzi azitsika, choncho galimoto yabwinobwino imatsetserekera komweko pang'ono. Izi musazikhulupirire. Ndi azakhali anu aja sanakondwe mutagula galimoto.

Phokoso lililonse lili ndi mankhwala amodzi, wailesi. Kuti "tha-tha-tha" pokhota mutapinda chiwongolero chonse ndi CV joint yakunja, yomwe kachikwama kake ka mphira kanang'ambika, girizi n'kumwazika, mchenga n'kulowa ufumu. Kunjenjemera poponda moto, kosiya mukachotsa phazi, kumakonda kuchokera ku CV joint yamkati. Kuti "gu!" polowetsa giya ndi kamtanda ka pa propshaft. Kwezani nyimbo pa chilichonse mwa izi. Honda CR-V yakale ikamabuula kumbuyo pokhota, kawirikawiri imangopempha oyilo watsopano wa difu, wake weniweni wotchedwa Dual Pump Fluid. Inu thiranimo aliyense wotsala m'chigubu cha mnzanu wa minibasi. Oyilo ndi oyilo, onse ndi oterera.

Potsiriza, sankhani makaniko mosamala. Pewani uja amapempha makiyi, n'kupita ndi galimoto pabwalo la phula kukazungulira pang'onopang'ono ngati akulemba nambala 8, khutu lili pawindo. Ameneyo akuthera petulo. Funani amene amadziwa matenda pafoni, galimoto asanaione.

"Abwana, imeneyo ndi giyabokosi, musachite kufunsa. Ndili ndi mnzanga ali nayo ina yochotsa m'galimoto yangozi."

"Ndi zingati, achimwene?"

"Bwerani kaye, abwana, sitingakanganirane pafoni."

Pitani. Gulitsani ng'ombe ziwiri. Galimoto ikagone kugalaja milungu itatu itakwera pazitsa, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Idzatuluka ndi giyabokosi ina, matayala anayi a mitundu inayi omwe aja, ndipo pageti la tchalitchi idzadumphanso monga kale. Loweruka lotsatira, mnyamata wotsuka galimoto, popukuta fumbi pakati pa mipando, adzagunda kandodo kaja mwangozi n'kukabwezera pa 2H. Mumudule malipiro chifukwa chogwiragwira zinthu za eni, kenaka muimbire makaniko uja kumuthokoza kuti giyabokosi yake yayamba kukhazikika.