Kaundula wa ndalama za Chingelezi: Chowa, temu yachiwiri, 2025

Amalume, munati ndalama iliyonse imene mwatumiza izilembedwa, ndipo amayi azisayina pansi. Nazi. Ndalemba za phunziro la Chingelezi zokha, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Za unga ndi makala zili m'kope la amayi.

ZOLOWA

Zanu, zobwera pafoni: K400.
Za amayi, zapabenchi la tomato: K70.
Zanga, za vitumbuwa za Loweruka: K45.
Zonse pamodzi: K515.

Fizi musaifune pamndandandawu. Boma linaichotsa mu Januwale 2022.

ZOTULUKA

Kutapa ndalama kwa ejenti: K10.

Makope awiri ofewa: K24. Lina la chimangirizo, lina la galamala ndi chifupikitso.

Zolembera zinayi: K20.

Kope limodzi lachikuto cholimba: K35. Ili aphunzitsi sanaitanitse. Ndinagula ndine, amayi akudziwa, ndipo m'munsimu ndanena zimene zalowamo.

Mtsutso wa m'kalasi: mapepala a manila awiri K20, maka K15. Mutu unali woti ana asukulu aloledwe kubwera ndi foni. Gulu lathu linali lovomereza ndipo linagonja. Mapepalawo ali kuchipinda, kumbuyo kwake sikunalembedwe, adzagwiranso ntchito temu ikubwerayi.

Buku lowerenga, Quills of Desire, lolembedwa ndi Binwell Sinyangwe, lotuluka mu 1993: K30. Ndi lakale, tinalipeza kwa ogulitsa mabuku pansi m'tauni pa K60, tinagawana mtengo ndi mnzanga wa kukomboni ya Railways. Limagona kwathu sabata imodzi, kwawo sabata inayo. Ndi nkhani ya Wiza, mnyamata wasukulu wa kuno ku Zambia. Ndisanaliwerenge ndinkayesa kuti buku lenileni liyenera kuchitikira kutali, kumene kumagwa chipale. Umu muli mayeso, makolo osauka ndi mtima wapachala wa mnyamata, zinthu zoti ndikhoza kuloza ndi chala pamsewu wathu. Ndalamayi sindikuidandaula.

Tsopano ntchito yaikulu ya temu, imene yadya ndalama zambiri. Aphunzitsi anati aliyense alembe lipoti la dera limene amakhala, asonyeze kumene watenga mfundo zake, ndipo afunse munthu wamkulu mmodzi. Ine ndinasankha Chowa ndi mgodi.

Mabandulo a intaneti pafoni ya amayi: K80. Zimene ndalamayi inagula ndi izi. Tauni yathu ya Kabwe inkatchedwa Broken Hill. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka mu 1902, mgodi unagwira ntchito zaka pafupifupi 90 n'kutsekedwa mu 1994, koma mulu wa zotsalira, umene tonse timautcha Black Mountain, unasiyidwa pamtetete. Fumbi lake limauluka nthawi yachilimwe, ndipo ngalande yochokera kumgodi, imene imadutsa mbali yathu ino, ikasefukira imasiya matope a mtovu m'mabwalo a nyumba. Lipoti la bungwe la Human Rights Watch la mu 2019 linati anthu oposa 76,000 a mu Kabwe amakhala m'makomboni oipitsidwa ndi mtovu, ndipo Chowa, Kasanda ndi Makululu ali m'gulu limenelo. Mtovu umalowa m'magazi a mwana akamaseweretsa dothi n'kuika zala m'kamwa, ndipo umaononga ubongo umene ukukula. Mu Okutobala 2020 mlandu unatsegulidwa kukhoti la ku Johannesburg m'malo mwa amayi ndi ana pafupifupi 140,000 a kuno. Ndinapezanso za chigaza cha munthu wakalekale chimene chinafukulidwa mumgodimo mu 1921. Akatswiri akuti chili ndi zaka pafupifupi 300,000, ndipo chimasungidwa ku Natural History Museum ku London, ngakhale dziko lathu lakhala likupempha kuti chibwerere.

Zonsezi n'zoona ndipo ndazilemba m'lipoti. Koma ndinaona kuti masamba amene ndinatsegula analembedwa ndi anthu ochokera kutali, amene anabwera, anayeza dothi ndi magazi, n'kubwerera. Anagwira ntchito yofunika, ndipo popanda iwo amayi sakanadziwa chifukwa chake tiyenera kuwaza madzi pabwalo tisanasese. Komabe m'masamba amenewo Chowa ndi malo odwala basi. Mulibe kwaya ya Lachinayi, mulibe mpira wa pabwalo lafumbi, mulibe mayi amene amadziwa bwinobwino za mtovu koma alibe kwina kosamukira.

Kutchaja foni kwa aneba a sola: K30.

Makandulo: K40. Chiyambire chilala cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi amabwera usiku kwambiri kapena osabwera. Theka la makandulowa linapsa pa lipoti, theka pa kope lolimba lija.

Ulendo wa ku Kasanda kukaona agogo: minibasi kupita ndi kubwera K20, shuga K35, mabanzi K15. Zonse K70. Amayi anati kwa munthu wamkulu sapita chimanjamanja, ngakhale ulendo uli wasukulu.

Atate anu ali bwino, kungoti mawondo. Ndinapita ndi mafunso asanu a aphunzitsi. Anayankha loyamba, kenaka anati, "Iwe mdzukulu, ika pansi pepalalo, umve." Anayamba ndi tsiku limene anachoka ku Katete ali mnyamata, ndi bulangete limodzi ndi dzina la mbale wawo lolembedwa pakapepala. Anafotokoza za belu la shifiti limene linkamveka komboni yonse, za kutentha kwa pamalo osungunulira miyala, za agogo aakazi akuchapa ovolosi yotuwa m'beseni lomwe ankasambitsiramo inu ndi amayi, popeza panalibe amene anawauza kuti fumbilo ndi poizoni. Apa anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka ananena za 1994, mmene amuna amene anazolowera kudzuka mbandakucha ankadzukabe, n'kuvala, n'kukhala pakhonde. Anatchula anzawo mmodzimmodzi, Alenje, Abemba, Atumbuka, ena ochokera ku Malawi, ndi kumene aliyense anathera. Ndinalemba mpaka dzanja linachita dzanzi, ndipo ndinabwerera kutada.

Amalume, zina mwa zimenezi mwina inunso simunazimvepo. Agogo akuti ana awo sanawafunse, ndipo iwo sanafune kuwasenzetsa.

Mwana wa aneba amene anakhala pabenchi la tomato masana amene ine ndinali kulemba: K25. Ndalamayi inatuluka m'chikwama cha amayi. Iwo anati ndisailembe, koma ndailemba, chifukwa nthawi imene ndimakhala ndi cholembera pali wina amene akugwira ntchito yanga.

Kutayipa ndi kupulinta masamba 6, lililonse K8: K48. Kumanga ndi chikuto cha pulasitiki: K15.

Lipoti linapeza 15 pa 20. Aphunzitsi anadula ndi cholembera chofiira pafupifupi ndime zonse za agogo, n'kusiya ziganizo zitatu. Analemba kuti lipoti limafuna mitu, mfundo ndi malangizo, ndipo anandikumbutsa kuti pamayeso a Giredi 12 chimangirizo chimakhala cha mawu 250 mpaka 350. Sanalakwitse. Mayesowo ndikuwafuna, ndipo kulemba mwachidule ndi luso limene ndiyenera kuliphunzira. Koma atandibwezera pepala anandiitana pambali n'kunena kuti, "Zimene ndadulazi usataye." Sindinataye. Zili m'kope la K35, ndipo kopelo latsala masamba ochepa kuti lidzaze.

Zotuluka zonse: K462.
Zotsala: K53. Zili m'chitini kwa amayi.

ZA TEMU YACHITATU

Ndikufuna kulemba nkhani, osati lipoti. Ikhale ya mtsikana wa ku Chowa amene mlongo wake wamng'ono amachedwa kugwira zinthu m'kalasi, ndi agogo ake amene amadziwa chifukwa chake koma akusowa poyambira. Ndikufuna anthu a m'nkhanimo aziseka, azikangana za mpira, azikongozana shuga, kuti wowerenga wa ku Lusaka kapena ku Lilongwe akamva za mtovu aziona munthu amene wamudziwa kale. Ndiyamba kuilemba m'Chingelezi chifukwa ndi chimene aphunzitsi angandikonzere, ndipo mipikisano imene ndikuidziwa, monga Kalemba Short Story Prize, imalandira Chingelezi. Ndikamaliza ndidzailembanso m'chinenero chathu kuti ndikawawerengere agogo, iwo anene pamene ndanama.

Ndikudziwa zimene mukuganiza, chifukwa amayi ananena kale: nkhani sizigula unga. N'zoona kwa ambiri. Namwali Serpell, wobadwira ku Lusaka, anapata mphoto ya Caine mu 2015 ndipo buku lake The Old Drift linatuluka mu 2019, koma iye ndi mphunzitsi wa payunivesite. Dominic Mulaisho, amene analemba The Tongue of the Dumb mu 1971, anali wantchito wa boma ndipo pambuyo pake anakhala bwanamkubwa wa Bank of Zambia. Inenso sindikupempha kuti ndisiye masamu ndi sayansi. Maganizo anga ndi kukaphunzira uphunzitsi wa Chingelezi pa Kwame Nkrumah University, pompano mu Kabwe, kuti ndizigona kunyumba, ndizilemba madzulo.

Zofunika ndi izi:

Kope lina lolimba: K35.
Mabandulo: K40.
Kutayipa ndi kupulinta masamba 10: K80.
Ulendo wina wa ku Kasanda, ndi shuga ndi mabanzi: K70.
Zonse: K225.
Kuchotsapo zotsala zija K53: K172.

Ngati K172 ikulemerani mwezi uno, chonde yambani ndi K70 ya ku Kasanda. Kutayipa kungadikire mpaka Disembala, koma agogo afika zaka zoposa 80 ndipo anangofika pa 1994. Akuti za pambuyo pake adzandiuza ndikadzabweranso.

Amayi awerenga ndipo asayina.